Mizere ya M'mutu mwa Upeksha

Colombo,
9 Seputembala 2002

Okondedwa Akka, achemwali anga,

Landirani moni wochokera kuno. Ine ndi mlamu wanu Ranjani tili bwino, kupatula kutentha kwa mzinda uno kumene kukutikazinga ngati tili m'chiwaya. Kaya inu kumapiriko, bondo lija lasiya? Ndikulemba ndili pabenchi yanga yokonzera mawotchi, ndiye mukaona dontho la mafuta papepalali musadabwe.

Nkhani ndi ya mwana wanu Upeksha. Pomutumiza kuno munati ndi kutopa chabe, akapuma mpweya wa kunyanja adzakhala bwino. Akka, kutopa ndimakudziwa, ndipo uku si kutopa. Masabata awiri onsewa wakhala akugona atayang'ana kukhoma. Mpunga amangotsina kawiri n'kusamba m'manja. Ranjani atamufunsa kuti chavuta n'chiyani, anayankha kuti, "Palibe, azakhali. Ndikungomva ngati m'kati mwangamu mulibe munthu." Mawu amenewo anandiopsa, ndipo Lachitatu ndinapita naye kuchipatala chachikulu. Mukalipe ngati mukufuna, koma zachitika kale.

Tinapeza dokotala wachizimayi, a Kulatunga, munthu wodekha. Anati ndi matenda okhumudwa, anatipatsa mapilitsi. Kenako anatifotokozera chinthu chimene sindinamvepo. Akuti mwa anthu amene amabwera atakhumudwa chonchi, alipo ena amene matenda awo ali ndi mbali ziwiri. Lero ali pansi, koma tsiku lina amakwera m'mwamba: sagona, salekeza kuyankhula, amadziona ngati palibe chingawalephere, mpaka kugwa m'ngozi. Poyamba onse amaoneka chimodzimodzi. Choipa n'chakuti mapilitsi amene amadzutsa wokhumudwa wamba, wa mbali ziwiriyu akhoza kumuponya m'mwamba. Ndiye dokotalayu ndi anzake akufufuza ngati ubongo ungawatsine khutu zinthu zisanafike poipa, ndipo anapempha Upeksha kuti alowe nawo m'kafukufukuyo. Iye anavomera yekha, sindinamukakamize.

Anamuveka chipewa chodzaza ndi mawaya, atamupaka phala lozizira m'tsitsi. Sichipweteka. Anamukhazika patsogolo pa kompyuta kuti azilosera makadi, ngati lotsatira likhale lalikulu kapena laling'ono, uku makina akujambula mizere yokwera ndi yotsika. Zotsatira akuti tidzamva pakatha masabata atatu.

Tsopano funso limene ndalemberali. Dokotala akufuna kudziwa ngati pamtundu pathu, kapena kwa bambo ake a mwanayu, analipo amene anadwalapo chonchi, kapena amene ankakhala ndi nyengo zosangalala mopyola muyeso. Za kwathu ndinayankha kuti kulibe, kupatula amalume aja amene ankasangalala akaona botolo. Koma za alamu anga malemu a Wimalasena sindikuzidziwa. Pamene munkakwatiwa ndinali ku Kuwait, ndipo ndinabwera atamwalira kale. Ndiyankheni msanga. Mundiuzenso za ukwati wa Upeksha uja, zafika pati?

Buddha akusungeni.
Mlongo wanu,
Somasiri


Kumudzi, Haputale,
17 Seputembala

Malli, mlongo wanga wamng'ono,

Kalata yako ndalandira, ndi dontho lake la mafuta lomwe. Tili bwino. Bondo likadali bondo. Mvula yafulumira chaka chino, karoti ndabzala kale.

Ndinakutumizira mwana kuti akapume, iwe wakamuveka mawaya m'mutu ngati wailesi. Unayamba kale kusamva, ndipo imvi sizinakusinthe. Kuno ndauza anthu kuti Upeksha akuphunzira kutayipa. Ukakumana ndi munthu wa kwathu, nkhani ndi imeneyo.

Funso la dokotala wakolo yankho lake n'lalifupi: kulibe. Kwa a Wimalasena kunali anthu abwinobwino. Iwo anafa pa ngozi ya sitima ali pantchito yawo yoyendera njanji, ndipo aliyense akudziwa zimenezo. Usandifunsenso za anthu amene anagona kale.

Tsopano imva zofunika. Makolo a Lasantha, mphunzitsi uja, avomera. Anatenga chikalata cha nyenyezi cha Upeksha n'kukachiyerekeza ndi cha mwana wawo, ndipo pa mfundo makumi awiri zagwirizana khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mphete akufuna avekane mu Januwale. Mnyamatayo samwa, sasuta, ali ndi nyumba ya malata. Ndalera mwanayu ndekha zaka makumi awiri kuti ndione tsiku limeneli, Malli, ndipo sindilola pepala la kuchipatala liwononge.

Ndikuuze chinthu, koma ukawerenga usunge m'mimba. Chikalata choyamba cha Upeksha chinali ndi chilema. Nyenyezi yofiira ija inakhala m'nyumba ya ukwati, kumene amati imadya mwamuna, ndipo banja lina linatikanapo chifukwa cha chomwecho. Ndinapita kwa a Jinadasa, openda nyenyezi, ndinawadandaulira. Iwo anati, "Mayi, pa nthawi yobereka ndani amayang'anitsitsa wotchi?" Anasuntha nthawi ya kubadwa ndi mphindi makumi awiri, nyenyezi ija inasamukira nyumba ina, nkhani inathera pomwepo. Ndiye pepala la mizerelo likatuluka loipa, umupemphe dokotalayo mwaulemu aliwongole pang'ono. Ndakutumizira paketi ya tiyi wabwino kuti usapite chimanjamanja. A kwa Lasantha ndi anthu ofunsafunsa, ndipo pepala loipa limamera miyendo.

Usayerekeze kuimba foni. Foni ya mudzi uno ndi imodzi, ili ku positi, ndipo amene amagwira ntchito pamenepo ndi Seelawathi, azakhali ake a Lasantha. Munthu ukatsokomola pafoni ija, pofika madzulo mudzi wonse wamva kuti uli ndi chifuwa chachikulu. Makalata nawonso uzimata bwino, amadutsa m'manja mwake momwemo.

Kodi akudya? Tsitsi lake mwalitsuka phala lija? Mu envelopu muno muli ulusi woyera umene amonke adalitsa, ummange padzanja lamanja.

Ndine Akka wako,
Premalatha


Colombo,
2 Okutobala

Okondedwa Akka,

Moni. Tili bwino, ulusi tammanga, tiyi wafika. Upeksha wayamba kukhala pakhonde m'mawa, ndipo dzulo anamaliza mbale ya mpunga.

Ndine wokonza mawotchi, Akka. Zaka makumi atatu ndakhala ndikusuntha mivi, ndipo sindinaonepo dzuwa likubwerera m'mbuyo chifukwa cha ine. Komabe munandilera ndinu, ndiye ndinavala zilimbe n'kupita ndi tiyi wanu.

Dokotala anayala pepala patebulo, Upeksha ali pomwepo, n'kuloza ndi cholembera. "Mukuona apa? Apa ndi pamene akudikira kuti aone ngati wapambana. Mwa anthu ambiri okhumudwa mzerewu umagona, chifukwa sayembekezera chabwino chilichonse. Wakewu ukudumpha kuposa wa munthu wosadwala."

Ine ndinati, "Ndiye ndi nkhani yabwino, eti adokotala?"

"Mwina," anatero. "Koma tikuganiza kuti ubongo umene umadumphira mphoto chonchi, mwiniwake ali pansi, ndi womwe tsiku lina umakwera osaima. Tikuganiza chabe, sitinatsimikize. N'chifukwa chake tikufufuza."

Upeksha atatuluka kukayezedwa pa sikelo, ndinaika tiyi patebulo, ndinatsokomola, n'kunena kuti, "Adokotala, achemwali anga akuti, kodi mzerewu sungagonekedwe pang'ono? Mwanayu ali pafupi kukwatiwa." Sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anati, "Bambo Somasiri, pepalali silipita kwa apongozi a munthu. Likhala m'kabati yanga, lilibe ngakhale dzina, lili ndi nambala. Ndikaliwongola ndinamiza ndani? Ndidzinamiza ndekha, ine amene ndikumupatsa mankhwala." Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze. Tiyi anapatsa anamwino.

Chimene anatsindika ndi ichi. Sangasinthe mankhwala chifukwa cha mzere wokha, poti mankhwala a matenda a mbali ziwiri ndi olemera, amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, ndipo sangamwetse mtsikana zimenezo chifukwa chongoganizira. "Koma nditamva kuti kholo lake linali nawo, ndingasinthe lero lomwe," anatero. Anandifunsa kuti bambo ake anafa bwanji. Ndinati sitima, ali pantchito yawo yoyendera njanji. Iye anati, "Munthu woyendera njanji zaka zambiri, sitima inamupeza bwanji osaimva?"

Funso limenelo inenso sindinakufunsenipo. Sindikufuna kukutsegulani bala, koma ndikufunsa tsopano. Wobisa matenda, maliro tidzamva, ankatero amayi athu. Ndiyankheni.

Mlongo wanu,
Somasiri


Colombo,
21 Okutobala

Amma, mayi wanga wokondedwa kwambiri kwambiri,

Moni moni moni! Muli bwanji, bondo lili bwanji, karoti ali bwanji? Ine ndachira, Amma, ndachiriratu, ndipo sindikumvetsa kuti ndinkagona chiyani pamene dziko lili lokongola chonchi. Ndapenta khitchini ya azakhali mtundu wachikasu, anadabwa koma adzaikonda. Mawotchi onse a m'shopu ya amalume ndawaika pa nthawi imodzi, makumi anayi ndi atatu, akalira amalira pamodzi ngati kukachisi, anthu amaima pamsewu.

Mvetserani zimene ndaganiza. Kutayipa kuja munauza anthu ndaphunziradi, masiku anayi okha, ndipo ndikadzabwera ndidzatsegula sukulu ya kutayipa ya atsikana onse a m'minda ya tiyi, yaulere, kenako ina ku Badulla, kenako ndiphunzire Chijapani chifukwa a ku Japan adzafuna kudzaona. Lasantha adzaphunzitsa masamu. Sindinamuuze koma avomera, ndamulembera masamba khumi ndi anayi, sindinatumize chifukwa sindinamalize. Tulo ndi ta anthu opanda chochita, Amma, ine maola awiri andikwanira ndipo ndimadzuka ndili ndi mphamvu za anthu atatu. Amalume musawauze, iwo amaliza nkonono mpaka kucha, akuyesa ndimagona ngati iwo.

Ndapeza malo amene ndimawakonda. Njanji ya kuno imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, mafunde uku, sitima uku. Kodi mumadziwa kuti njanji imayimba sitima isanaoneke? Ndikavula nsapato n'kuponda chitsulo ndimaimva ikubwera kutali, nane ndimayimba nayo. Anthu amandikuwa kuti choka, koma ine sindiiopa, Amma, ndikuona ngati imandidziwa. Tsiku lina ndidzaikweza dzanja muone ngati siima.

Mundilembere zonse za kumudzi, zonse, musasiye kanthu!

Mwana wanu amene wabadwanso,
Upeksha

Akka, ndikuwonjezera mawu kuseri kwa envelopu yake, poti wamata kale ndipo akuti za m'katimo ndi za amayi ake okha. Kalata yanga ya pa 2 simunayankhe, koma zilibe kanthu tsopano. Mwana wachira! Akuseka, akuphika, akutiseketsa mpaka misozi. Makina a dokotala aja analakwitsa, ndipo ndakondwa kuti analakwitsa. Somasiri.


Kumudzi,
28 Okutobala

Malli,

Moni. Kalata ya mwana ndawerenga. Ukangolandira inoyi, tseka shopu upite naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Usamulole kupita kunyanja, usamulole kuyandikira njanji. Ranjani asamusiye yekha ngakhale popita kukagula ndiwo. Usandifunse chifukwa, ingochita. Undiyankhe tsiku lomwelo kuti wachita.

Premalatha


Colombo,
3 Novembala

Akka,

Moni. Tili bwino tonse, ndipo ndikuti tonse.

Kalata yanu yandikhumudwitsa. Mwana akalira mudandaula, akaseka mudandaulanso. Simunamuone ali chogona atayang'ana kukhoma, ine ndinamuona, ndipo lero akuyimba m'nyumba mwanga inu mukuti ndithamangire naye kuchipatala ngati wamisala. Dokotala anatichenjezadi za kukwera m'mwamba, koma mwanayu sakung'amba zovala, sakutukwana munthu, sakuthamangitsa magalimoto. Akuyankhula kwambiri, inde, koma wakhala chete miyezi ingati? Tsiku lathu lokaonana ndi dokotala ndi pa 20, tidzapita pamenepo.

Ndinene mosabisa. Ndikuona ngati mukuopa kuti wayamba kuganiza yekha, za sukulu yake ya kutayipa ndi zina, ndipo mwina a kwa Lasantha sangakonde mkazi wa maganizo ake. Ngati ndi choncho, nenani, musabisale kumbuyo kwa chipatala chimene munkachinyoza mu Seputembala. Funso langa lenileni, la imfa ya alamu anga, mwalilumpha kawiri. Kunyanja amapita masana aliwonse ndipo amabwera ali wosangalala. Sindimutsekera m'nyumba popanda chifukwa.

Somasiri


Kumudzi,
12 Novembala

Malli, mlongo wanga,

Moni. Sindikudziwa ngati wamupeza Upeksha kunjanjiko. Zimene ndinakuuza pafoni dzulo ndinazinena ndikulira, mwina sunamve zonse. Ndikulemba kuti ukapatse dokotala.

Kalata yako ya pa 3 inafika dzulo, chifukwa phiri linagumukira pamsewu ndipo basi ya makalata sinadutse sabata yathunthu. Nditawerenga kuti amapita kunyanja, kumene kuli njanji ija, masana aliwonse, ndinawerenga masiku. Kalata ina ikanakupeza pakatha masiku asanu, mwinanso khumi. Ndinavala nsapato n'kupita ku positi.

Linali tsiku la msika, anthu ali pamzere mpaka pakhomo. Seelawathi anandimwetulira, akuti, "Apongozi, lero mwatiyendera?" Anandiimbira yekha nambala ya sitolo yoyandikana ndi shopu yako, n'kukhala pomwepo akudinda masitampa. Ndinkafuna ndinong'one, koma unamva wekha mmene foni inkakhalira phokoso. Iwe unkangoti, "Mukuti chiyani, Akka? Kwezani mawu!" Ndiye ndinakweza. Katatu konse ndinakuwa kuti Wimalasena sanafe pa ngozi, anali ndi matenda amenewa, mwanayo ali ngati bambo ake. Pofika kachitatu Seelawathi anali atasiya kudinda.

Zinali chonchi. Tinkakhala m'nyumba za antchito a njanji pa kasiteshoni ka m'nkhalango, mabanja atatu okha. Upeksha ali ndi zaka zinayi, bambo ake anagwa pansi ngati mmene anagwera mwanayu. Miyezi itatu osayankhula. Ndinapita nawo kutauni, anawapatsa mapilitsi, ndipo patatha milungu ingapo anadzuka. Ndinapita kukachisi ndi maluwa kukathokoza, Malli, ngati mmene iwe wakondwerera. Anapenta nyumba, anakumba dimba lonse tsiku limodzi, anati adzamanga sukulu ya ana a antchito. Tulo anasiya. Ankayenda panjanji opanda nsapato, akuti chitsulo chimayimba, sitima imawadziwa. Anakhala choncho masabata atatu. Tsiku lomaliza ndinali pakhomo ndikuanika zovala, mwana ali pamiyendo panga. Anaima pakati pa njanji, anandiyang'ana akumwetulira, n'kukweza dzanja kuti sitima iime. Sankafuna kufa. Ankakhulupirira kuti iima.

Anzawo a ntchito anandimvera chisoni, ananena kuti kunali chifunga. Ine ndinabwerera kumudzi kuno ndi nkhani ya chifungayo, ndipo ndaidya zaka makumi awiri. Ndinkati mwana wa munthu wamisala ndani angamukwatire. Mawu a njanji yoyimba sindinamuuzepo Upeksha, sindinauzepo aliyense. Nditawaona m'kalata yake, ndinamva ngati bambo ake andilembera kuchokera kumanda. Ndikanakuuza pa 28 pomwe paja. Ndinkafunabe kupulumutsa zonse ziwiri, mwana ndi ukwati, ndipo ndataya masabata awiri. Mlandu umenewo ndi wanga.

Lero m'mawa bambo ake a Lasantha abwera ndi chikalata cha nyenyezi, atachikulunga m'nyuzipepala. Tiyi akana. Akuti anakaonetsanso kwa wopenda wina, ndipo wapeza kuti nyenyezi sizikugwirizana kwenikweni. Ndawathokoza chifukwa cha ulemu wawo. Sindinalire mpaka atatsika chitunda.

Msewu akuti utseguka bwino sabata yamawa, ndidzakwera basi yoyamba. Pakadali pano imba foni, Malli. Palibenso chobisa, Seelawathi adzandiitana.

Akka wako,
Premalatha


Colombo,
16 Novembala

Okondedwa Akka,

Moni. Pafoni ndinangoti tamupeza, ali moyo. Zina zonse ndi izi.

Mutangoika foni ndinasiya shopu yosatseka. Kunyumba Upeksha kunalibe, Ranjani anati watuluka kuyambira m'mawa. Ndinamupeza dzuwa lili paliwombo, pamalo pomwe njanji imayandikira madzi, nsapato zili m'manja. Mayi wina wogulitsa nsomba anali atamugwira pamkono, akuti ndi tsiku lachitatu akumukoka pamenepo. Anandikalipira pamaso pa anthu. "Ndinu abambo ake? Mwana wabwinobwino ngati uyu mukumusiya azisewera ndi sitima? Mulibe maso?" Upeksha ankaseka, akuti, "Amalume, mwabwera nthawi yabwino, sitima ya masana ikubwera, muone." Ndinamunyengerera kuti dokotala akufuna amve za sukulu ya kutayipa, ndipo anavomera chifukwa chimenecho. Sitima inadutsa tili kale pamsewu.

Amugoneka m'chipatala. Mapilitsi aja aletsa, ayamba ena. Masiku awiri oyamba anatikwiyira koopsa, anati tamuba moyo wake, ndipo ine ananditchula wakuba. Dzulo wagona maola asanu ndi awiri.

Kalata yanu yafika lero, ndakapereka. Dokotala anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Ndinamufunsa kuti, "Ndiye makina anu ananena zoona?" Anati, "Munthu mmodzi satsimikizira kanthu, Bambo Somasiri. Alipo ena a mzere wodumpha amene sanakwerepo. Ndikufuna tsiku lina ndidzathe kunena molimba mtima, koma sitinafike." Akuti kalatayo ndi ya Upeksha kuposa mmene ilili yake, ndipo mutu wake ukakhazikika ayenera kuiwerenga, ngati inu mulola. Ine ndikuti mulole.

Ndinakulemberani mawu oipa pa 3, mundikhululukire. Ndinaona mwana akuseka n'kutseka maso, chifukwa ndinkafuna kwambiri kuti achire. Koma nanenso ndakukwiyirani, sindibisa. Zaka makumi awiri, Akka, mwasenza chinthu chimenechi nokha, ine ndili pompano ndikukonza mawotchi a anthu. Bwerani, Ranjani wakuyalirani m'chipinda cha kutsogolo.

Mlongo wanu,
Somasiri


Colombo,
15 Disembala

Okondedwa Amma,

Moni. Ndikukhulupirira munafika bwino kumudzi ndipo basi sinakupwetekeni bondo. Ine ndatuluka m'chipatala Lachisanu. Ndikugona, ndikudya. Mankhwalawa amanjenjemeretsa dzanja, ndiye mukhululuke zilembo. Ndikulemba pang'onopang'ono, ndipo khitchini yachikasu ija ndikaiona ndimachita manyazi.

Masiku onse amene munali kuno munkangondipesa tsitsi, nkhani ya bambo osaitchula. Kalata yanu ija ya kwa amalume anandipatsa mutapita. Ndaiwerenga kasanu. Koyamba ndinakwiya mpaka ndinalephera kudya. Ndinakula ndikuopa chifunga, Amma. Kukachita chifunga ndinkakana kupita kusukulu, inu n'kumandimenya, mukudziwa kuti chifungacho sichinaphe munthu. Mkwiyo umenewo sunathe wonse, ndipo sindikunamizani kuti watha. Koma ndinayesanso kukuonani m'maganizo muli pafoni paja, anthu a tsiku la msika akumvetsera, ndipo sindikudziwa ngati ine ndikanatha.

Za Lasantha musadzivutitse. Ndinamuona kawiri kokha, ndipo nthawi zonse ziwiri ankayang'ana nsapato zake. Zimandiwawa pang'ono, koma osati ngati mmene zikukuwawirani inu. Dokotala wandipempha kuti ndidzavalenso chipewa cha mawaya mu Januwale, ndipo ndavomera. Wandiuza mosabisa kuti matendawa sachoka, ndizikhala nawo, ndipo akhoza kudzabweranso, pansi kapena m'mwamba. Zimenezi zikundiopsa kuposa mmene ndimaonetsera kwa amalume.

N'chifukwa chake ndili ndi pempho. Mwandiuza za miyezi itatu imene bambo anali pansi, ndi masabata atatu amene anali m'mwamba. Koma munakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikufuna zinazo. Ankakonda ndiwo yanji? Akaweruka kuntchito ankachita chiyani? Ankandinyamula bwanji? Munkakangana za chiyani? Lembani ngakhale zazing'ono, ngakhale zotopetsa, makamaka zotopetsazo. Ndikufuna ndidziwe ngati munthu wa mutu ngati wangawu amakhalanso ndi masiku wamba. Ndipo mundiuze zoona, Amma, ngati pa masiku amenewo munkasangalala kukhala nawo.

Ndidikira.

Mwana wanu,
Upeksha